Ufumu Wanga wa Pasimenti

Lolemba, 4 Ogasiti

Lero dziko ladziwa kuti ine ndine ndani. Aphunzitsi opuma aja andilowetsa m'sewero lawo la kuholo. Sewero lakalekale, lachisoni: mlangizi wabodza anamiza mfumu kuti mng'ono wake akufuna mpando, kenako magazi mpaka m'mawondo. Kunyumba ndawauza mayi a ana kuti mfumuyo ndine. Angoti "Ohoo," makina awo akusokabe. Nsanje basi.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Zoona zake, poti muno sawerengamo munthu: mfumu ndi Dazi wa kugalaja. Munthu wopanda tsitsi ndi limodzi lomwe, sanapondepo m'shopu yanga yometera! Ine ndine wantchito wonena zoona. Kulowa, kunena kuti "Mbuyanga, akukunamizani," kubayidwa, kugwa. Kenako kugona pasimenti mpaka sewero lithe. Koma kagwedwe kake! Mawindo anachita kunjenjemera.

Loweruka, 9 Ogasiti

Makasitomala onse akunditchula Mfumu. Wina ndamuboola tsitsi pamwamba pa khutu, ndili kalikiliki kufotokoza za chisoti changa. Ndamuuza kuti ndiye sitayilo yatsopano.

Koma zavuta. Mayi a ana aitana akulu awo, alamu, ndi anzawo onse osoka nawo kuti adzaonere sewero. Mzere wakutsogolo. Akachita manyazi pamaso pa anthu amenewa, ine nkumagona pakhonde chaka chonse. Kaya ndidwale?

Lachitatu, 13 Ogasiti

Aphunzitsi akuti m'seweroli wabodza amadya bwino, wonena zoona amafa msanga, koma anthu popita kwawo amalirira wachiwiriyo. Ine ndinati ngati amamukondadi, bwanji osamupatsa matiresi oferapo? Msana ngati ndasenza lole.

Pachakudya ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule. Chinatuluka n'chakuti ndili ndi asilikali odzaza bwalo la mpira. Pakamwa panga ndi mlangizi uja, pachibale.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Zovala zabwera. Dazi mkanjo wonyezimira. Ine malaya azigamba, koma kundikwana kwake, mimba yonse kulowamo osadandaula. Kumsana kwake kofewa, asokeramo thonje. Ndagona pasimenti ngati kuhotela, mpaka Dazi anandiponda kuti ndisiye mkonono. Ndafunsa dzina la telala, aphunzitsi angoseka.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Dzulo ndinafa, ndipo palibe anafapo chonchi chiyambire dziko! Ndinalowa maso osayang'ana mzere wakutsogolo. Nditangoti "Mbuyanga, akukunamizani," mawu odziwika anakuwa: "Muuzeni, bambo a ana!" Mzere wonse m'manja. Atandibaya, akulu awo analira misozi yeniyeni. Mtembo kumwetulira, aphunzitsi akunditsinzinira kuseri kwa nsalu.

Panjira ndinayamba kuti, "Mayi, za ufumu zija..." Anandidula. Akuti zovala zonse anasoka ndi iwo, m'nyumba mwanga momwe, ine ndili kushopu. Aphunzitsi atabweretsa miyeso ya wantchito, mimbayo anaizindikira asanatole n'komwe tepi. Thonje lija akuti "kuti mfumu yanga isamve simenti."

Ndinafunsa kuti nanga anzawo anawaitana kuti chiyani. Akuti: "Bwerani mudzaone amuna anga akunena zoona koyamba."

Tinaseka mpaka pakhomo. Mkazi ameneyu ndinasankha ndine, anthu asaiwale.

Mawa makasitomala. Ndiwauza kuti ufumuwo aphunzitsi anachita kundigwadira, koma ine ndinamumvera chisoni Dazi, ndiye ndinamusiyira.