Tiyi wa Apongozi ndi Basi ya Otsalira

Lachitatu, 20 Ogasiti

Dokotala sanapsatire mawu. Bondo langali alichita opaleshoni mwezi wamawa, zikatero zothamanga zatha. Ndiye mpikisano wa Lamulunguwu ndi womaliza. Makilomita 42, ndipo ulendo uno ndikufuna kukafika kumapeto ndi miyendo yangayi.

Kawiri konse ndakafika pa basi, ija imabwera m'mbuyo kumatola otsalira. Lamulo lake n'limodzi: ikakupeza, wakwera. Ku kalabu yathu yothamanga anandipatsa dzina loti Kondakitala. Ndimaseka nawo, koma zimandipweteka.

Lachinayi, 21 Ogasiti

Ndaona mapu a mpikisano. Ndatha ine! Msewu ukudutsa pakhomo penipeni pa apongozi, chakumapeto, miyendo itayamba kale kukana.

Ndamuchonderera mkazi wanga Retno kuti asawauze. Iye uku akusita: "Ine ndiwauze? Ayi, Mas." (Mas ndiye "achimwene" wa kuno, amuna amatiitana choncho.) Patapita kanthawi: "Ndangouza Ibu basi."

Kuuza amayi akewo ndiye kuuza mudzi wonse, ndi abakha omwe.

Lachisanu, 22 Ogasiti

M'sitima yochoka ku Surabaya, kumene timakhala. Ndagula chipewa chachikulu ndi magalasi akuda, kuti ndikadutse pa apongozi nditabisala pakati pa gulu. Ndamuuza Bagyo, mnzanga wa ku kalabu. Waseka mpaka kutsamwa ndi tempe, chakudya cha soya.

"Gulu liti, Mas Gun? Pofika pamenepo mumakhala mwatsala inu ndi agalu."

Loweruka, 23 Ogasiti

Magelang, kumene kuli mpikisano. Nambala yovala pachifuwa ndatenga. Retno wapita kukagona kwa makolo ake, ine ndanamizira kupumitsa bondo.

Masana waimba: "Bapak akufunsa kuti udutsa nthawi yanji."

Bapak, bambo ake a Retno, si munthu woipa, vuto sapupuluma. Chikwatirire mwana wawo sindinadutsepo pamaso pawo nditaongoka, ndimawerama, dzanja pansi. Ndipo tiyi wa kwawo sukhudza mpaka atakuuza kachitatu kuti imwa. Koyamba umati zikomo, kachiwirinso zikomo. Pakati pa koyamba ndi kachiwiri Bapak amafotokoza za njiwa zawo, imodziimodzi, ndi makolo ake.

Lamulungu, 24 Ogasiti, madzulo

Ndikulemba chogona, miyendo ili pakhoma.

Poyamba zinayenda bwino. Ana a sukulu kuimba ng'oma, minda ya mpunga, ine kupitirira ngakhale munthu wina wovala ngati nkhuku. Dzuwa litakwera nkhuku ija inandipitirira. Kenaka agogo ena. Kenaka ndinatsaladi ndekha, wefuwefu, bondo likulira. Nditacheuka pachitunda ndinaiona basi, ikubwera mwa ulemu wake.

Ndinatsitsa chipewa, n'kukonza magalasi. Ndisanafike n'komwe pa mzikiti, chimkuzamawu: "Uyo mkamwini wa Pak Wiryo! Wa chipewayo!"

Mudzi wonse unali pamsewu. Pakhonde mphasa, tebulo, chinangwa chokazinga, ndi Bapak pampando atavala malaya a batiki aja amapita nawo ku maukwati. Msana wanga unawerama wokha. Ndinayesa kudutsa chowerama chomwecho, dzanja pansi, uku ndikuthamanga. Sizitheka. Ndinkaoneka ngati ndataya kiyi.

"Khala kaye, Le," anatero Bapak. Akati Le, mwana wanga, palibenso chokana.

Ndinapsompsona dzanja lawo, ndinakhala. Ibu anathira tiyi, nthunzi tolotolo.

"Imwa."

"Zikomo, Pak."

Anayamba za njiwa yoyera ija inasiya kulira. Ine ndikugwedeza mutu, thukuta likudontha pamphasa, maso ali kumsewu. Retno kuseri kwa chitseko akundikodola kuti dzuka! Ndidzuke bwanji? Bambo ake ndi amenewa, iye mwini sanadzukepo.

"Imwa."

"Zikomo, Pak."

Basi inafika, inaima. Anatsika bambo wina wa chovala cha lalanje, atagwira mbendera. Anandiyang'ana, ndinamuzindikira, ndi yemwe ananditola chaka chatha. Ndinamva misozi ikubwera, ine bambo wa imvi zanga, pamaso pa apongozi.

Bapak anandiyang'ana, anayang'ana basi. Anafunsa Retno chapansipansi kuti galimotoyi ndi ya chiyani. Retno anawanong'oneza, nthawi yaitali ndithu, ndipo ndinamva mawu oti bondo.

Bapak anaimirira, n'kuweramira wa mbendera uja.

"Pepani, Mas, mwafika pakhomo panga kutentha konseku. Khalani kaye. Adalaivala nawonso. Ibu, makapu ena."

Munthuyo anayang'ana wotchi, anayang'ana imvi za Bapak, msana wake unawerama ngati wanga. Ndi wa konkuno, analeredwa. "Pang'ono pokha, Pak." Anavula nsapato. Adalaivala anazimitsa injini. Otsalira amene anali m'basimo anatsika chotsimphina, atamva fungo la chinangwa.

"Imwani," anatero Bapak.

"Zikomo, Pak."

"Kodi njiwa mumaweta?"

Ndiye osandiyang'ana n'komwe, ndi pakona ya mlomo: "Thamanga, Le."

Ndinatuluka chafutambuyo, chowerama. Pageti Ibu anandipanikiza ndi phava la nthochi. "Za panjira." Mphatso ya apongozi sutaya kudambo, anthu amaona. Ndinathamanga nalo, kusinthasintha manja, makilomita onse otsalawo. Bondo linandituka, ine ndinalituka. Kucheuka, msewu uli zii. Kucheukanso, zii.

Pamapeto anali atayamba kupinda mipando. Bagyo atandiona anakuwa: "Kondakitala wabwera wapansi!" Kenaka analira, chitsiru. Mtsikana wa mamendulo anachita kundigwirira nthochi kuti andiveke. Ndinakhala pansi pa phula, ndikuseka, ndikulira, mamina ndi zonse.

Ndinaimbira Retno. Anangopereka foni kwa Bapak. Chapatali njiwa zikulira, masupuni akugunda makapu.

"Wafika, Le?"

"Ndafika, Pak. Ndi miyendo."



"Chabwino," anatero. "Ndiye ndiwauze kachitatu anthuwa, tiyi wazizira."