Dzungu Limene Ndinatchera Nguluwe

Zemba, Chadiza
9 Epulo, 1956

Okondedwa achimwene a Wadson,

Muli bwanji kumigodiko? Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Kuno amayi alipo, mwendo ukuwavutabe, koma pakamwa pokha mpamphamvu ndithu.

Kalata yanu ndalandira. Mukuti mwamva zoti ndakangana ndi bwana wanga wa zaulimi, ndipo ndipite ndikapepese chifukwa ntchito ya ulangizi satola panjira. Mwalemba bwino, ngati mlaliki. Koma amene anakuuzaniyo anakupatsani mchira wokha. Nayi nyama yonse.

Chaka chino nguluwe zinatilowa ngati zachita kulembedwa ntchito. Chimanga cha amalume a Filimoni zinagwetsa theka, mtedza wa amayi zinangosiya mizere itatu. Ndiye ku ofesi anandipatsa chitini cha poizoni, nati ndiziboola maungu, kuthiramo, nkutchera m'njira zawo. Ndinafunsa kuti nanga anthu akatola nguluwe yakufa? Bwana anati ndikhome chikwangwani pamtengo. Ndinakhomadi, m'Chinyanja chosalala cha kukoleji, m'mudzi momwe odziwa kuwerenga tilimo atatu, wachitatuyo ndinu muli kumgodi wa Nkana. Ndinalengezanso pakamwa titatuluka m'tchalitchi, ndipo onse anagwedeza mitu.

Lachiwiri ndinatchera dzungu limodzi loyesera. Lachitatu m'mawa, ine nditapita ku Pembamoyo kukayendera minda, amalume anapeza chinguluwe chitafa kumtsinje.

Amalume mukuwadziwa, anakulira uta. Nyama yolasidwa ndi muvi wopaka poizoni wa kombe aidya moyo wawo wonse: umacheka mnofu wozungulira bala, nkutaya, yotsalayo ndi ndiwo. Ndiye anaganiza kuti poizoni wa mzungu nayenso ali ndi bala lake. Poti walowera pakamwa, anadula lilime, anataya chifu ndi matumbo, nati nyama yayera. Anagawa monga mwa mwambo, khomo lililonse nthuli yake.

Pobwerera masana fungo linandichingamira ndili kudambo. Ndinathamanga khomo ndi khomo, kugubuduza miphika, kulanda nyama pamakala. Amalume anati sukulu yandizungulitsa mutu, iwo anayamba kusenda nguluwe ine ndisanadziwe kupukuta mamina. Amayi anati ndawavula pagulu. Ndinaunjika zonse kuti ndithire parafini, ndikuwerenga: miyendo inayi, mutu, nthiti, msana. Chiwindi panalibe.

Apa khalani pansi, achimwene. Chiwindicho amalume anali atatumiza kutsidya kwa alamu a Ebelesi, akazi anu, ati mwamuna wawo ali kutali, mwana asamangomva fungo. Alamu anawotcha, nampatsa Lily wanu chonse poti nchofewa. Iwo sanalawe nkomwe.

Ndinampeza akusanza, manja atazizira, maso atalowa. Ndinamubereka ndi nsalu ya amake nkupalasa njinga mpaka kuchipatala cha mishoni. Anagonako masiku anayi. Ali moyo. Dzulo wamwa phala, ndipo wandidzudzula kuti ndinamugwedeza kwambiri panjinga, ati atate ake amapalasa bwino kuposa ine. Pamenepo ndinadziwa kuti wachira.

Alamu anandipempha kuti ndisakuuzeni, kuopa mungasokonezeke mutu muli pansi pa mgodi. Ndawalakwira, koma mwandikakamiza ndinu. Musawakalipire, ndipo musakalipire amalume. Dzungu lija ndinaboola ndine, ndi mpeni wanga, ndikudziwa bwino lomwe kuti kwathu kuno nyama sikwiriridwa.

Lolemba lotsatira ndinatenga chitini chija nkukachiika patebulo pa bwana. Ndinamufotokozera zonse. Iye anati kuyesako kwayenda bwino, poti nguluwe inafa, ndipo anthu aphunzirapo. Aphunzira chiyani? Amalume mpaka lero akuti cholakwika chinali chiwindi chokha, ulendo wina adzatayanso chimenecho nkudya yotsalayo. Ndipo theka la mudzi likugwirizana nawo.

Bwana wandipatsa mpaka kutha kwa mwezi uno kuti nditchere maungu makumi anayi, apo ayi ndibweze njinga ndi yunifolomu. Ndinamuyankha m'Chingerezi chake chomwe, kuti pasakhale zoti womasulira ndiye walakwitsa. Ndinati sinditchera ngakhale limodzi. Anafiira ngati phwetekere, nati maphunziro anga apita m'madzi. Ndinati kukoleji anandiphunzitsa kuteteza chakudya cha anthu, tsamba lonena za kupungula odyawo mwina ndinadumpha.

Musaganize kuti nguluwe tazikhululukira. Tayamba kukumba mbuna, maenje aja ovundikira udzu, m'njira zawo zonse. Kapitawo ndi amalume, ine wa kukolejine ndine wogwira khasu, ndipo akunditukwana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Zagwamo kale ziwiri. Tadya mudzi wonse popanda wogwira pamimba.

Ndikudziwa kuti munkanyadira pouza anzanu kuti mng'ono wanu ndi mlangizi. Mwezi wamawa mwina muziwauza kuti ndi wokumba maenje. Muzolowere, ine ndazolowera kale. Kupepesa sindipepesa, ngakhale mulembe makalata khumi. Ngati mtima wanu ukadali pomwepo, pemphani tchuthi, mubwere, mumunyamule Lily mumve mmene wapepukira, kenaka mundiuze pamaso kuti ndikatengenso chitini chija.

Mundiperekere moni kwa a Langton ndi onse akwathu ali kumeneko. Amayi ndi alamu akupereka moni. Mulungu akutulutseni m'mgodimo amoyo tsiku ndi tsiku.

Ndine mng'ono wanu wosamvayo,
Timoti