Makiyi a Nyumba ya Mayi Kamwendo

Area 12,
Lilongwe.
9 Meyi 2024.

Okondedwa alongo anga a Esnati,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana ndi adzukulu, ndiponso kuti mwendo uja wayamba kukumverani. Ine kuno ndikudzuka, kungoti chifuwa chandiyamba msanga chaka chino, kuzizira kusanafike n'komwe. Musadabwe kuti ndalemba m'malo moimba foni. Pa foni inu mumafuula, ine ndimafuula, pomaliza tonse timangoti tili bwino n'kudula. Nkhani ya lero singakwane m'mawu awiri amenewo.

Mukudziwa kuti chimwalirireni Mayi Kamwendo, abwana anga aja, ndakhala ndekha mumpanda muno. Ana awo awiri, Patrick ndi Angela, anabwera kumaliro kuchokera kunja, anakangana za nyumba nkhata za pamanda zisanafote, ndipo aliyense anabwerera kwake osatsanzika mnzake. Patrick pokwera galimoto anandipatsa makiyi onse a nyumba, nati ndisamale mpaka adzabwere. Malipiro amalowa pa foni mwezi ndi mwezi, pamenepo sindinganame. Koma amabwera opanda moni.

Alongo, nyumba yopanda anthu imakalamba msanga kuposa ife. Ndinkatsegula mawindo m'mawa uliwonse, kusesa, kupukuta fumbi pa mipando imene palibe woikhalira. Polowa ndinkati odi monga ndinazolowera, ngakhale ndikudziwa kuti ondimva ndi mileme ya m'siling'i. Mng'alu wa pabalaza unayamba ngati ulusi, kenaka dzanja langa linayamba kulowamo. Chiswe chinamaliza matabwa a denga, ndipo khonde la kumbuyo linayamba kuwerama. Ndinajambula zonsezi n'kutumizira ana aja. Foni inkasonyeza kuti aona, koma yankho silinabwere.

Kuno si kwathu ku Kasiya, kumene ukayetsemula wina amakufunsa ngati wadwala. Mipanda ndi italiitali, magalimoto amadutsa magalasi ali otseka, ndipo tsiku limatha osamva dzina lako m'kamwa mwa munthu. Ndinasungulumwa, ndinene mosabisa. Mnzanga ndi mmodzi yekha, a Reinford, mlonda wa nyumba yoyandikana nafe, ndipo timacheza aliyense ataima pa geti lake. Iwowa sasiyana ndi wailesi yawo. Tsiku lina anandiuza zimene anamva, kuti malamulo a mzinda salola nyumba yopanda anthu kungosiyidwa mpaka kufika poopsa. A khonsolo amabwera kudzaiyendera, ndipo akaipeza yoipa, mwini wake amaitanidwa kuti ayankhepo.

Mawu akuti amaitanidwa ndi amene anandilowa mumtima. Kwathu munthu akaitanidwa pa mlandu amabwera ndi miyendo yake. Mukukumbukira kuti pa nkhani ya dimba lija amalume anachita kuchoka ku Kabwe, poti mlandu satumira mnzako. Ndiye ndinati basi, njira ndaipeza. Ana aja sandiyankha ine, koma boma adzaliyankha. Adzabwera, adzaona nyumba ya amayi awo ndi maso, adzachita manyazi, adzaitana amisiri. Mwinanso mmodzi adzakhalamo ndi banja lake, ine n'kumatsegulanso geti kwa anthu. Angela ameneyo ndinkapita naye ku sukulu ya mkaka pa njinga yanga, atandigwira malaya. Patrick legeni anaphunzira kwa ine, mpaka anaswa nayo windo la kukhitchini, ine n'kunamizira mphepo.

A Reinford nditawauza maganizo anga anazimitsa wailesi. Anati, "A Lawford, za m'tauni n'zina. Mukawadzutsa eni akewo, inu mudzagona kuti?" Ine ndinawayankha mwamatama kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mwezi wa Febuluwale ndinavala jekete ya kutchalitchi, ndinawasiyira a Reinford geti, n'kuyenda wapansi mpaka ku maofesi a khonsolo ku City Centre. Inde alongo, nyumba imene ndinapatsidwa kuti ndiilonde ndinakaineneza ndekha. Anandilandira bwino, ndipo pasanapite nthawi kunabwera mayi wina wa chipewa cholimba ndi anyamata ake awiri. Ndinawalandira ngati alendo a chinkhoswe. Ndinatulutsa mipando pansi pa mtengo wa mapeyala, kenaka ndinawaonetsa chilichonse, osabisa kanthu. Ngakhale mng'alu umene unabisala kuseri kwa kabati, ndinachita kukankha kabatiyo ndekha kuti auone bwino. Ndinkafuna mlandu ukule, kuti oitanidwawo asapeze pozembera.

Mayiyo anagogoda makoma, anakwera makwerero kusuzumira m'denga, ndipo anatsika msanga kuposa mmene anakwerera. Anafunsa kumene ndimagona. Nditamuonetsa kanyumba kanga kamene kanagundana ndi khonde lija, anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Bambo, musagonemonso muno, ngakhale lero. Khomali likudikira tsiku lake." Ndinasamutsira mphasa yanga m'kachipinda ka pageti, mmene miyendo siitambasuka. A khonsolowo anamata chidziwitso pa geti ndi kulemba pakhoma ndi penti yofiira. Anandimasulira kuti munthu asalowenso m'nyumbamo, ndipo eni ake akonze kapena agumule nthawi imene apatsidwa isanathe, apo ayi khonsolo idzachita yokha.

Ine ndinakondwa. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinatchetcha udzu wonse, ndinapaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, ndinagula tambala n'kumamudyetsa madeya. Mapeyala oyamba kukhwima sindinadye, poti Angela ankawakonda ndi shuga. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro pamsewu ndinkapezeka ndaima kale, dzanja lili pa loko.

Sabata yatha hutala inalira pa geti lathu lenileni. Ndinathamanga, nkhalamba ine, mpaka patapata anatsala m'njira. M'galimoto munatuluka mnyamata wa suti amene anati ndi loya wa banja, ndi bambo wina wonyamula tepi yoyezera. Ndinasuzumira kumpando wa kumbuyo, munalibe munthu. Loyayo anayatsa foni yake n'kundipatsa, ndipo pa galasi panali nkhope ya Angela, yofanana ndi ya amayi ake mpaka ndinachotsa chipewa.

"A Lawford, mwakalamba bwanji!" anatero akuseka. "Tamva kuti ndinu munapita ku khonsolo. Zikomo kwambiri. Ine ndi Patrick tinali osalankhulana chichokereni kumaliro, koma nkhani imeneyi yatikhazika pansi. Tagwirizana tsopano. Nyumbayo igumulidwe, malowo tigulitse."

Ndinafunsa kuti, "Nanga mubwera liti, mwana wanga?"

"Palibe chifukwa choti tivutike ndi ulendo. A loya achita zonse."

Sanalankhule mwankhanza, alongo, ndipo chimene chikundipweteka kwambiri ndi chimenecho. Anati sandiiwala, adzanditumizira kangachepe kotsanzikira. Ndinafuna kumuuza za mapeyala, koma nkhope inaima, foni n'kuduka. Ndinali ndisakudziwa kuti m'tauni munthu akaitanidwa amatha kutuma suti. Mapeyala ndinapatsa loyayo. Tambala tinadya ndi a Reinford, ndipo mpaka fupa lomaliza sananene kuti ndinakuuzani. Anangoti mwana wa mwini ndi gaga, saundika, n'kuyatsa wailesi yawo.

A khonsolo sindikuwaimba mlandu. Mayi wa chipewa uja ananena zoona. Mwezi watha khonde lija linagwa masana dzuwa likuswa mtengo, popanda mvula kapena mphepo, ndipo linaphwanya pamalo penipeni pamene ndinkaika mutu. Pakanapanda lamulo lawolo, bwenzi mutalandira bokosi m'malo mwa kalata. Moyo anandipulumutsira, kungoti sindikudziwa kuti ndikauike pati.

Anyamata a bambo wa tepi uja ayamba kale kuchotsa malata ndi mafelemu, ndipo makina ogumulira abwera Lolemba. Dzulo ndinamufunsa loya kuti makiyi ndipereke kwa yani, poti mlonda sachoka pantchito asanapereke makiyi m'manja mwa amene anamupatsa. Anamwetulira, nati, "Sungani, madala. Zitseko zake zikupita mawa." Ndiye ali m'thumba mwangamu. Ndayesa kuwataya kudzala koma dzanja likukana.

Tsopano pempho langa ndi ili, ndipo ndikulipereka ndi manyazi. Ku Kasiya si kutali, koma ndatha zaka osapondako, ndikumati geti silisiyidwa lokha. Kodi nyumba ya malemu amayi ikadaima? Ngati ili ndi ming'alu musauze munthu aliyense, ndaphunzira. Ndidzamata ndekha. Sindidya zambiri masiku ano, ndipo khasu ndikadaligwira. Katundu wanga ndi mphasa, njinga ija, ndi mbande ziwiri za mapeyala zimene ndaika m'zitini.

Ndinati ndilembe mayina a anthu oti muwapatse moni, koma ndaona kuti amene ndikuwakumbukira ambiri munawaika kale, ndipo ana amene ndinawasiya akukwawa pano ali ndi ndevu. Mundiperekere moni kwa alamu anga a Frazer, ngati anandikhululukira za maliro a mwana wawo amene sindinabwere. Moni kwa a Sellah, ngati maso awo akadaona, muwauze kuti Lawford wa njinga uja akubwera akuikankha. Adzukulu muwachenjeze kuti kukubwera agogo ena amene sanawaonepo, asadzathawe. Otsala onse amene angafunse za ine muwapatse moni, ndipo ngati palibe wofunsa, moni yenseyo musunge ndinu.

Ndidikira kuti khoma lomaliza ligwe, poti si bwino kuti nyumba ya Mayi Kamwendo ipite popanda woiperekeza. Ndikatero ndidzanyamuka Loweruka, ndipo ndidzafika dzuwa lisanalowe. Musavutike ndi kupha nkhuku. Chimodzi chokha, alongo: ndikadzati odi pakhomo, wina adzayankhe.

Ndine mlongo wanu,
Lawford.