Mfundo Yanu Yatsala Imodzi, Ababa Firmino

Firmino Ussene Miguel, 1963 – 2021

Ababa, lero zakwana zaka zinayi chichokereni inu. Amayi ati ndilembe ine Érica, poti ndine ndinapitako kusukulu.

Ndimakumbukira manja anu kuposa mawu anu. Tikadali ku Bagamoyo m'tauni ya Moatize, musanatsikire kumtsinje wa Revubwe kukawedza, munkakhala pamwala wa pakhomo, mbedza ili pakati pa zala. Munkapisa chingwe pabowo, kuchikulunga kasanu ndi kamodzi, kubweza nsonga, n'kunyowetsa ndi malovu musanakoke. Munkati nayiloni ikathina ili youma imapsa, ndipo imadikira tsiku la nsomba yaikulu kuti iduke. Kansonga kotsala munkakaluma ndi dzino lanu lobenthuka lija, Amayi n'kumakuuzani kuti pamsika wa Moatize sagulitsapo mano. Inu munkangoseka, kachingwe kali pamlomo.

Chingwe choduka simunkataya. Munkatola ngakhale zimene anzanu asiya pamchenga, n'kulumikiza chonenepa ndi chowonda ndi mfundo imene munaphunzira ku Shire muli kothawa nkhondo. A mgodi wa malasha atatisamutsira kutali ndi mtsinje, simunasiye. Masana munkakhala pakhonde kumanga, kukoka, kudula, kumanganso, ngati kuti madzi ali kuseri kwa nyumba. Ine ndinkaonerera nditabisala ndi buku. Mfundo ya pambedza ndinaigwira ndi maso. Yolumikizira ija inkandipitirira, zala zanu zinkathamanga, ndipo ndinkachita manyazi kukupemphani kuti mubwereze. Ndinkati ndidzafunsa mawa.

Tsopano yatsala imodzi yokha, pachingwe chimene munakulunga pachitsononkho n'kuika m'chitini. A Baltazar, ang'ono anu, amati tiitumbule ndi lumo tione mmene inayendera mkati. Amayi amati ikhale m'chitini momwemo. Achemwali Délcia atabwera kuchokera ku Zobue anaijambula ndi foni, tinakulitsa chithunzi n'kuwerenga: kasanu mbali iyi, kasanu ndi kawiri inayo. Komabe zanga zonse ndikakoka zimamasuka.

Ndikuululireni, Ababa. Mwezi watha ndinatenga chingwecho Amayi osadziwa, n'kupita nacho ku Revubwe. Ndinkangofuna kuti chilawenso madzi. Ndinamangirira mbedza, ndinaponya, ndipo pasanapite nthawi mlamba waukulu unagwira n'kuthawira pansi pa miyala. Chingwe chinandicheka m'manja. Apo m'pamene ndinazindikira kuti chikadukira pamfundo yanu, palibenso pamene ndidzaione. Chinadukadi. Ndinachikoka pang'onopang'ono, osafuna kuyang'ana. Chinali chitadukira kumbedza, pamene ndinamanga ine. Yanu inatuluka m'madzi ili chimangire.

Nditawauza Amayi sanandikalipire. Anaigwiragwira mfundoyo nthawi yaitali, kenako anangofunsa ngati mwala umene munkaponyerapo ukadalipo. Ulipo, Ababa. Tagwirizana kuti lumo silidzaikhudza. A Baltazar andigulira nayiloni yatsopano, ndipo ndizikhala pakhonde kuyesa mpaka yanga idzagwire.

Amayi Violeta akusungabe chipewa chanu pamsomali. Achemwali akaona wogulitsa nsomba pachipata cha malire ku Zobue amatembenukira kumbali. A Baltazar sanaponyenso mbedza m'madzi.

Gonani bwino, Ababa. Tikadali ndi moyo, simudzachoka m'mitima mwathu.

Akazi anu Violeta, ana anu Délcia ndi Érica, ndi ang'ono anu Baltazar.