Mvula ya M'siling'i

Chonde,
Mulanje.
20 Okutobala, 2024

Okondedwa achimwene a Evance,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni mukangofunsa kuti "Ababa ali bwanji?" pakamwa panga pamathamangira kunena kuti ali bwino, ndipo bodza limeneli ndatopa nalo. Kalatayi ikupezani kudzera kwa a Kondi, amene akwere basi Lachiwiri.

Katundu munatumiza uja anafika bwinobwino. Loweruka la sabata yatha kunabwera a Hussein, mmisiri wa ku Limbe munagwirizana naye uja. Anaboola siling'i ya pabalaza malo anayi n'kulowetsamo masipika, ena anapachika m'makoma, ndipo chachikulu chija amati wufa anachikhazika pansi pafupi ndi mpando wa ababa. Anatifotokozera kuti makina amenewa sangokuza mawu ngati wailesi ayi. Phokoso lililonse amalitenga palokha n'kuliika pamalo pake m'chipindamo, kenako n'kumaliyendetsa kutsogolo, kumbuyo, ngakhale pamwamba pa mutu.

"Madala, khalani apa pakati," anatero a Hussein. "Mukamuuze mwana wanu zimene mumve lero."

Anayamba ndi mbalame. Inachokera kukhomo n'kudutsa pamitu pathu phaphapha, mpaka ine ndinawerama. Ababa anaseka, achimwene, kuseka kumene sindinakumvepo chichokere amayi.

"Bwezani, ndiigwire imeneyi!" anatero.

Kenako a Hussein anadina rimoti nati, "Tsopano mvula." Ndikanatha kuwaletsa. Koma ndinachita manyazi kuulula za m'nyumba pamaso pa mlendo.

Kunja dzuwa linali likuswa mtengo, koma m'nyumba madontho anayamba kugwa pamwamba pathu, limodzilimodzi, kenako mvula yamkuntho. Bingu linagunda kumbuyo kwa mpando wa ababa. Wufa uja anayamba kulira pansipansi mpaka simenti inanjenjemera kumapazi. Inu kunalibe tsiku limene namondwe wa Freddy anagumula nyumba yathu yakale kuphiri kuja, amayi n'kupita ndi madzi. Ine ndinalipo, ndipo ndikukuuzani kuti miyala ikamatsika ndi matope imalira choncho.

Ababa anadzambatuka n'kundigwira dzanja mwamphamvu.

"Janeti! Tuluka! Madzi afika!"

Ankaitana amayi, koma wogwidwayo ndinali ine. A Hussein pofuna kuzimitsa anagwetsa rimoti, mabatire n'kumwazika, mvula ija osaleka. Ababa anandiguza kudutsa pakhonde, pageti, kulunjika kumsewu waukulu. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, koma ndinalephera kuwaimitsa.

"Ababa, ndine Tiyamike! Kulibe mvula!"

Sanamve. Kuchokera ku Boma kunkabwera lole yodzaza ndi matumba a tiyi, ikuliza hutala. Ndinaona kuti tikangoponda phula ndiye kuti tatha. Ndinadzigwetsa dala n'kuwakokera kumbuyo, tonse tinagwera m'ngalande, ndipo ndinamva mkono wawo ukuthyoka pansi panga. Lole ija inakaima patsogolo pang'ono, matayala akufuka utsi.

Tili m'ngalandemo, ababa anandisisita kumaso ndi dzanja linalo.

"Ulendo uno sindinakutaye," anatero.

Kenako anayang'ana kumwamba, kuli mbee, n'kundiyang'ananso ine. Anandizindikira.

A Hussein ndiwo anatinyamula pa galimoto yawo kupita kuchipatala, njira yonse akupepesa. Chonde musawakalipire, iwo sankadziwa kanthu. Wolakwa ndine. Chichitikireni zija, mitambo ikangoda ababa amavala nsapato n'kuima pakhomo, osalola munthu kutseka chitseko. Chaka chatha ndinawapeza kawiri konse ali pamsika, atanyowa, akufunsa anthu ngati aona amayi. Zonsezi ndinakubisirani. Ndinkati munatimangira nyumba kutali ndi phiri, mukugwira ntchito yowawa kumeneko, ndiye ndikuwonjezerani bwanji katundu wina? Mukanadziwa, mvula ija simukanaitumiza.

Pano mkono uli m'chikhakha ndipo atuluka m'chipatala. Adokotala ati fupa lilumikizana, koma zinazo zikufunika kuti akaonane ndi aphungu a za maganizo. Koma ababa ine akundikanira, akuti si amisala. Inu amakumverani. Masipika ndawazula kumagetsi, koma kuyambira Lachinayi mitambo yayamba kusonkhana pamwamba pa phiri, ndipo mvula yeniyeni ilibe rimoti. Ndekha sindingathenso kuwagwira. Pemphani tchuthi mubwere isanagwe, ngakhale sabata imodzi yokha. Sindinayambe ndakupemphani zotere.

Ababa anandiletsa kukuuzani. Anati, "Mwana watumiza chinthu ndi mtima wonse, usakamulize." Choncho mukaimba foni musayambe ndinu, adikireni anene okha.

Mundiperekere moni kwa alamu a Annie ndi ana. Azakhali a ku Thuchila akupereka moni, ndiwo akundithandiza kuchapa ndi kuphika masiku ano. Ababa nawo akupereka moni wambiri. Ndikulemba chonchi akhala pakhonde, atavala kale nsapato. Andituma kuti ndikuuzeni kuti masipika aja akumveka bwino kwambiri, ngati zenizeni, ndipo akuthokoza.

Ndine mlongo wanu,
Tiyamike