Kashelefu ka Nsapato Kapita ku Mpikisano

Amake Omega,

Musakuwe kuti mwalowa akuba, wakubayo ndine. Nsapato zanu zili pabedi chifukwa kashelefu kake ndakasandutsa motchajira mabatire a roboti ya timu ya Omega. Mpikisano wa masukulu uja ndi lero masana.

Paja ulendo watha anagonja chifukwa anaika batire losatchaja, roboti n'kuima pakati pa bwalo, mwana n'kulira mu tekisi mpaka ku Bertrams kuno. Ulendo uno zimenezo ayi. Batire lililonse lili ndi malo ake, fyuzi yake ndi kagetsi kake. Pansi ndalemba ANJALA, pamwamba OKHUTA. Aphunzitsi amafuna Chingerezi, ana n'kukana. Mukanamva ana Achizulu m'mawa uno tikuyesa, kagetsi kakangoti biriwiri onse kukuwa, "Lakhuta, malume!"

Ndabwerera kudzatenga waya wa ekisitenshoni wa firiji, ndiye firiji yazima. Nkhuku ija kaisungitseni mu firiji ya neba wathu Shamiso isanawonongeke, apo ayi ingoiphikani, tibwera nayo njala. Pepani sindinakuimbireni foni, ndinadziwa kuti mukana.

Koma imvani izi. Omega wandigwira dzanja pamaso pa anzake n'kunena kuti, "Awa ndi adadi anga, injiniya wa timu yathu." Ine amene Joni yonse imanditcha wa maganyu! Ndinangoyang'ana kudenga ngati ndikuona mawaya.

Kashelefuko musakadikire, sikabweranso. Kakwezedwa pantchito limodzi ndi amuna anu.

Ndine,
Injiniya Abednego