Ndinkadziwa Pomenya

Kabwata, Lusaka
21 Okutobala 2024

Okondedwa akulu anga a Thandazani,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino ku Katete. Ine ndili bwino, kupatula diso lakumanja lomwe likadali lofiira. Uthenga wanu wondiyamikira ndinaulandira. N'zoona, ndinapambana, ndipo ndine amene ndasankhidwa kupita ku mpikisano wa nkhonya wa mwezi wamawa. Koma pa foni sindinakuuzeni amene ndinamenyana naye. Anali Keziah.

Mukumukumbuka, uja wa ku Chelstone amene ndinabwera naye pa maliro a atate. Zaka zinayi takhala tikuphunzira nkhonya limodzi kwa ba Killian, kochi wathu. Chaka chatha madokotala anamupeza ndi endometiriyosisi. Akuti minofu yonga ya m'chiberekero imamera kunja kwake, ndipo munthu akakhala kumwezi imatupa n'kumataya magazi m'kati. Ndinamuonapo atadzipinda pansi m'bafa, akuluma thaulo. Tsiku lina anatenga dzanja langa n'kuliika pambali pa mchombo, chakumanzere. "Chotupa chili apa," anatero. "Osauza ba Kochi, bazanichotsa mu timu."

Kuthamanga pang'onopang'ono kunkamuthandiza. Loweruka m'mawa tinkathamanga kuchokera ku Kabwata mpaka ku Woodlands, pobwerera iye n'kumaseka kuti ululu wausiya m'njira. Chimene chinkamugwetsa ndi nkhawa. Akayamba kuganiza kwambiri tulo tinkathawa, mimba n'kuuma ngati thabwa, mapiritsi osagwiranso ntchito.

Ndiye zitadziwika kuti malo a ku mpikisano ndi amodzi ndipo tilimbirana awirife, anaonda m'sabata imodzi yokha. Pokwera sikelo Lachisanu ndinaona mmene ankayendera, atawerama pang'ono. Ena sanaone kanthu.

Tinamenyana Loweruka masana m'holo ina m'tauni. Akulu anga, Keziah ndi wachangu kuposa ine, ngakhale akudwala. Raundi yoyamba anandiswa mphuno. Yachiwiri ananditseka diso, ndinagwada bondo limodzi ndikumeza magazi anga, holo yonse ikuitana dzina lake. Ba Killian, amene anali kukona kwanga, anandipukuta n'kunena, "Kumutu siuzamupeza. Menya thupi." Iwo sankadziwa chilichonse.

Raundi yachitatu ndinamupanikiza kuzingwe. Ndinamenya pamwamba penipeni pa lamba, pamene malamulo amalola, pomwe paja anaika dzanja langa. Mpweya unamuthera. Anandikumbatira kuti asagwe, pakamwa pake pali pakhutu langa, ndipo ndinamumva bwinobwino: "Febby, osati apo." Woyimbira anatilekanitsa. Ndinamenyanso pomwepo, kawiri, ndi mphamvu zanga zonse. Anagwa chafufumimba, akusanza, mapazi akupalasa pansi. Ine ankandikweza dzanja, iye akumutulutsa pamachira.

Chotupa chija chinaphulika. Anamuchita opaleshoni tsiku lomwelo, ndipo mbali yakumanzere yosunga mazira anaichotsa. Dokotala akuti mwina chikanaphulika chokha tsiku lina. Mawu akuti mwinawo ndayesa kuwagwira, koma sakugwirika.

Ndinatha masiku anayi ndisanapite kuchipatala. Mwamuna wake, ba Mpundu, anandilonjera ndi manja awiri. "Ni masewera chabe, mulamu," anatero. Apo ndinadziwa kuti Keziah sanauze aliyense. Iwo atatuluka kukatenga madzi, Keziah anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Shani, champiyoni? Uli bwanji?" anatero.

Ndinayamba kupepesa, koma anandiletsa ndi chala.

"Adokotala akuti ndikatuluka ndiziyenda m'mawa uliwonse, pang'onopang'ono. Akutinso ndisamasunge zinthu mumtima, zimawonjezera ululu. Ndiye ndikuuze: sindinakukhululukire. Koma uzibwera sikisi koloko, uzindigwira mkono. Mpundu amayenda mofulumira."

Anamutulutsa m'chipatala, ndipo tinayamba dzulo. Tinafika pa shopu ya pakona n'kubwerera, mphindi makumi awiri, thupi lake lonse litatsamira pa ine. Pachipata anangoti, "Mawa."

Sikisi koloko ndi nthawi yomwenso ba Killian amatsegula jimu, ndipo Chelstone ndi kutali. Andiimbira kasanu lero. Pepala la mpikisano akulifuna Lachisanu, ndipo lili pano patebulo, sindinasainebe. Musandiuze chochita, akulu anga. Ndangofuna kuti pakhale munthu mmodzi kwathu amene akudziwa mmene ndinapambanira.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amayi muwauze kuti chithunzi chomwe apempha, cha dzanja langa lili m'mwamba, sichinatuluke bwino. Akafunsa za Keziah, muwauze kuti akudwala, azimutchula m'pemphero. Ine muzinditchula inu.

Ndine mng'ono wanu,
Febby